Mlendo M'thupi ndi Nkhoswe Zomulandira

Mlimi wa mapichesi kuno ku mapiri a Dedza, ngakhalenso wa mango ku Salima ndi ku Mangochi, amadziwa luso lomezanitsa mitengo. Amadula kanthambi ka mtengo wobereka zipatso zokoma, n'kukalowetsa pa tsinde la mtengo wina wolimba mizu, n'kumangapo ndi pulasitiki. Pakapita masabata angapo bala limapola, mitengo iwiri ija n'kukhala umodzi. Tsinde silifunsa kuti nthambiyi yachokera m'munda mwa yani. Limangoyamba kuimwetsa madzi. Thupi la mwana wa Adam silitero. Dokotala atha kusoka impso ya mlongo m'mimba mwa mchimwene wake ndi luso lonse, mitsempha n'kulumikizana bwino, mkodzo n'kuyamba kutuluka tsiku lomwelo, koma pakapanda mankhwala thupilo limaukira impso ija mpaka kuiwononga. Limapha chimene chabwera kudzalipulumutsa.

Apa ndi pamene pagona funso lathu, ndipo si la madokotala okha. Kodi mlendo amalandiridwa bwanji popanda kugwetsa mpanda wa mudzi? Kodi kulolera ndi kufooka, kapena ndi mphamvu ya mtundu wina?

Nkhaniyi si yakutali monga ingamvekere. M'mabanja mwathu, kuyambira ku Nkhotakota mpaka ku Makanjira, muli anthu amene impso zawo zinatheratu mphamvu chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga, kapena likodzo lokhalitsa lomwe linatseka njira za mkodzo. Wodwala wotere akapezeka kuno ku Dedza amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1, pomwe wa kum'mwera kwa nyanja amakathera ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kumeneko kuli makina a dialysis osefa magazi, amene munthu amalumikizidwako maola ngati anayi, kawiri kapena katatu pa sabata. Msodzi amasiya ngalawa, mayi wa geni amasiya msika, banja limasamukira m'tauni kukakhala pafupi ndi makina. Khomo lotulukira ndi kulandira impso ya munthu wina, ndipo pa opaleshoni imeneyi Amalawi akhala akupita kunja, kawirikawiri ku India, atatengana ndi mbale wodzawapatsa impsoyo. Koma akabwerako nkhondo imakhala isanathe.

Tiyambe tamumvetsa woukira impso yatsopanoyo, pakuti iye si mdani konse. Allah anaika m'magazi mwathu maselo oyera amene tinazolowera kuwatcha asilikali a m'thupi. Ena mwa iwo ndi maselo a T, ndipo m'gulu limeneli muli a CD4 aja amene achipatala amawerenga mwa munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV. Pafupifupi selo lililonse la thupi lathu limanyamula zizindikiro zotchedwa HLA, zonga mphini zimene makolo ankazindikirana nazo fuko. Theka la zizindikirozi timatengera kwa bambo, theka kwa mayi, n'chifukwa chake madokotala amayamba kufuna wopereka impso pakati pa obadwa bere limodzi. Asilikali aja amayendayenda usana ndi usiku kuyang'ana zizindikirozo, ndipo akapeza zachilendo amaitana anzawo kunkhondo. Khalidwe limeneli ndi lomwe limatipulumutsa ku chikuku ndi ku TB. Msilikali woukira impso ya mlongo sakulakwitsa ntchito. Akuchita chimene analengedwera.

Mbiri ikuchitira umboni. Pa 23 Disembala 1954, ku Boston, madokotala otsogozedwa ndi Joseph Murray anaika impso ya Ronald Herrick mwa mbale wake Richard, ndipo Richard anakhala nayo moyo zaka zisanu ndi zitatu. Zinatheka chifukwa awiriwa anali mapasa ofanana ndendende, kotero asilikali sanaone mlendo. Pa 3 Disembala 1967, pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, Christiaan Barnard anaika mtima wa munthu wina mwa Louis Washkansky. Mtima unagunda bwino, koma patatha masiku 18 bamboyo anamwalira ndi chibayo, pakuti mankhwala oletsa thupi kukana mtimawo anali atagonetsa asilikali ake.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 kunabwera mankhwala amphamvu, cyclosporine kenako tacrolimus, ndipo apulumutsa miyoyo yosawerengeka. Pa ichi tiyamike Allah. Koma njira yake ikadali yomweyo: amafooketsa alonda onse kuti mlendo mmodzi agone mwamtendere. Wolandira impso amamwa mankhwalawa tsiku ndi tsiku, pa ola lake, moyo wake wonse. TB, chibayo ndi khansa ya pakhungu ya Kaposi zimamupeza mosavuta. Ena amayamba shuga. Ndipo mankhwala omwewo amatopetsa pang'onopang'ono impso imene akuiteteza. Uwu ndi mtendere wa mudzi umene wamanga manja alonda ake. Mlendo wagona bwino, inde, koma fisi nayenso wapeza chipata chosatseka.

Akatswiri anaganiza kalekale kuti payenera kukhala njira ina. Mu 1945 Ray Owen, ku Wisconsin, anapeza kuti ana a ng'ombe amapasa osafanana, amene anagawana magazi ali m'mimba, amakula aliyense atasunga maselo a magazi a mnzake popanda kuwaukira. Mu 1953 Peter Medawar ndi anzake ku London anabaya tiana ta mbewa tisanabadwe ndi maselo a mbewa ina, ndipo titakula tinalandira khungu la mtundu wa mbewa imeneyo, kwinaku tikukana khungu la mbewa zina zonse. Phunziro linali lalikulu: thupi likhoza kuphunzira kulandira mlendo mmodzi wodziwika, chitetezo chake chili chilili.

Chimene chinatsala ndi kudziwa mphunzitsi wake. Mu 1995 Shimon Sakaguchi wa ku Japan anaonetsa kuti pakati pa maselo a CD4 pali kagulu kakang'ono, mwina asanu mpaka khumi pa 100 aliwonse, kamene ntchito yake si kumenya koma kuletsa anzawo kumenya molakwika. Atakachotsa kaguluka mwa mbewa, asilikali otsala anayamba kuwononga ziwalo za mbewa yomweyo. Atakabwezera, chiwawacho sichinabuke. Mu 2001 Mary Brunkow ndi Fred Ramsdell, ku America, anapeza kachidutswa ka malangizo a chibadwa, kotchedwa Foxp3, kamene kakawonongeka mbewa zazimuna zimafa zisanathe masabata owerengeka. Mwa anthu vuto lomweli limabweretsa nthenda yotchedwa IPEX, imene makanda aamuna amatsegula m'mimba kosaleka, khungu kuwonongeka, shuga kuwayamba akali kuyamwa, thupi likudzidya lokha. Mu 2003 Sakaguchi anaonetsa kuti Foxp3 ndiye amaumba maselo oletsa aja. Atatuwa anapatsidwa mphoto ya Nobel ya zachipatala mu Okutobala 2025.

Maselowa amatchedwa Treg. Ife tikadawatcha nkhoswe za m'magazi, pakuti amagwira ntchito ngati nkhoswe ya banja. Nkhoswe si mlendo wochokera kutali. Ndi wa m'banja lomwelo, wodziwa mkwiyo wa abale ake. Nawonso ma Treg ndi a fuko la asilikali. Amafika pomwe pali mkangano, n'kumwa chakudya chimene asilikali olusa amadalira kuti achulukane. Amatulutsa timadzi toziziritsa ukali. Amalanda mphamvu maselo amene ntchito yawo ndi kuloza mdani ndi kusonkhezera nkhondo. Sapha msilikali aliyense wopezeka, ndipo samanga mudzi wonse manja. Amati pano ayi, uku menyani. Ngakhale m'mimba mwa mayi woyembekezera alimo pa ntchito. Mwana ndi theka mlendo, pakuti wanyamula zizindikiro za bambo ake, komabe amakhala miyezi isanu ndi inayi osaukiridwa. Mu 2004 ofufuza a ku Cambridge anaonetsa mwa mbewa kuti maselowa akachotsedwa, pathupi potere pamachoka. Tonsefe tinalowa m'dziko muno titalandiridwa kaye ngati alendo.

Tsono madokotala akuyesa kutenga nkhoswezi m'magazi a wodwala, kuzichulukitsa m'chipinda chofufuzira, n'kuzibwezera m'thupi mwake atalandira chiwalo. Ku yunivesite ya Hokkaido ku Japan, odwala khumi olandira chidutswa cha chiwindi kwa abale amoyo anapatsidwa maselo awo omwe, atayamba aleredwa pamodzi ndi maselo a wopereka kuti amuzolowere. Zotsatira zofalitsidwa mu 2016 zinali zoti asanu ndi awiri anasiyiratu mankhwala ofooketsa chitetezo, atatu anabwerera pa mankhwala. Kafukufuku wa impso wotchedwa ONE Study, wochitikira m'zipatala za ku Ulaya ndi ku America, anaonetsa mu 2020 kuti njira ya maselo oletsa ndi yosaopsa, ndipo oilandira sankagwidwa ndi matenda a tizilombo pafupipafupi ngati anzawo. Ena tsopano akukonza ma Treg oti azizindikira chizindikiro chimodzi cha wopereka, kuti azikakhala pa impso yomweyo osati kumwazikana thupi lonse. Zonsezi zikadali zoyesa, pa anthu ochepa, ndipo ndi zodula. Mbale wathu amene analandira impso asayerekeze kusiya mankhwala ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha nkhani iyi, ndipo za kusala m'mwezi wa Ramadhan akambirane kaye ndi dokotala wake. Shariya inamupatsa wodwala chilolezo.

Tibwerere ku funso lija. Pali mitendere iwiri yooneka yofanana kunja koma yosiyana mizu. Wina umabwera chifukwa mphamvu zatha, wina chifukwa mphamvu zagwiridwa ndi nzeru. Munthu wopanda mano akapanda kuluma sitimutama. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anaphunzitsa Maswahaba kuti ngwazi yeniyeni saiyesera pa kugwetsa anzake koma pa kudzigwira mkwiyo ukayaka, ndipo Surah Aal Imran, ndime 134, imaika obweza mkwiyo m'gulu la oopa Allah. Khalidwe limeneli, limene ma ulama amalitcha hilm, ndi la munthu amene akanatha kubwezera koma wasankha kusatero. Zimene ofufuza apeza zikutionetsa kuti m'chilengedwe cha thupi, kuletsa si kusowa kwa ntchito. Ndi ntchito payokha, yokhala ndi antchito ake, ndipo ikaima moyo umaima. Khanda la IPEX silimwalira chifukwa chosowa asilikali; limamwalira chifukwa chosowa woletsa asilikali.

Mudzi nawonso umadwala nthenda yomweyi. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu olusa, ndipo ogwira ntchito zachipatala anaopa kulowa m'midzi imene inkawafuna kwambiri. Amene ankachita zimenezi ankadziona ngati alonda. Nafenso Asilamu tisaloze kutali. Mikangano ya sikiri pamaliro ndi ya kuoneka kwa mwezi wa Eid yalekanitsapo abale oswalira moyang'ana Qibla imodzi, aliyense akunena kuti akuteteza dini. Changu choteteza ndi chabwino, koma chikasowa nkhoswe chimayamba kudya thupi lake lomwe. Si pachabe kuti Surah An-Nisa, ndime 35, imalamula kusankha woyanjanitsa kuchimuna ndi wina kuchikazi banja likagwedezeka, ndipo Surah Al-Hujurat imaika pa mapewa a okhulupirira udindo woyanjanitsa magulu awiri okangana.

Wina atha kutsutsa kuti: kodi wololera aliyense sadzalowetsa mfiti m'nyumba? Chitsutsochi n'cholemera, ndipo thupi lomwelo likuchivomereza. Zotupa zambiri za khansa zimakopa ma Treg n'kudzizinga nawo, kotero asilikali amene akanaziwononga amabwezedwa pakhomo. Nkhoswe ikagulidwa ndi wolakwa imasanduka chishango cha choipa. N'chifukwa chake ofufuza a khansa akufuna njira yochepetsera maselowa m'chotupa, pomwe ofufuza a impso akufuna kuwachulukitsa pa chiwalo chatsopano. Chofunika si kulolera kochuluka kapena ukali wochuluka, koma muyeso, mizan ija imene Surah Ar-Rahman imatichenjeza kuti tisaipyole. Kulolera kwabwino kumadziwa amene kukumulolera. Pamene Muhajirun anafika ku Madina mu 622 atasiya nyumba ndi chuma ku Makka, Mtumiki sanangolengeza kuti alendo onse alandiridwe. Analumikiza munthu ndi munthu, uyu wa ku Makka ndi uyu wa mwa Ansar, kuti mlendo aliyense akhale ndi mbale womudziwa dzina. Mzinda sunataye alonda ake. Unaphunzira nkhope zatsopano.

Komabe fanizo lili ndi malire, ndipo ife amene timaphunzitsa ana m'madrasa tiyenera kuwasamala malirewo. Selo lilibe niyah. Silisankha, silidzafunsidwa pa Tsiku la Chiweruzo, ndipo kuletsa kwake kulibe malipiro. Thupi likhoza kutikumbutsa, koma halaal ndi haraam sitiziwerenga m'magazi. Funso loti kodi n'kololedwa kupereka impso ndi la fiqh, ndipo ma ulama analisinkha mozama. Mufti Muhammad Shafi wa ku Pakistan ndi ena omutsatira anakana, ponena kuti thupi ndi amanah, si katundu wathu woti tigawe, ndiponso kuti ulemerero wa munthu suyenera kuchepetsedwa. Bungwe la fiqh la Muslim World League ku Makka mu 1985, ndi International Islamic Fiqh Academy pa msonkhano wake wa ku Jeddah mu Febuluwale 1988, analola, potsamira pa ukulu wa kupulumutsa moyo umene Surah Al-Ma'idah, ndime 32, imautchula. Koma anaika malire olimba: phindu loyembekezeka lipose vuto, wopereka akhale wanzeru zake ndipo avomere mwaufulu, chisachotsedwe kwa wamoyo chiwalo chimene moyo wake wadalira, kwa womwalira pakhale chilolezo chake asanafe kapena cha olowa m'malo mwake, ndipo chiwalo chisagulitsidwe. Magulu onse awiri akuteteza chinthu chimodzi, ulemu wa mwana wa Adam, ndipo wotsatira lingaliro lina asanyoze mnzake.

Nanga nkhoswe za m'magazi zikusintha chiyani pa chigamulochi? Popeza chilolezo chaimikidwa pa kuyeza phindu ndi vuto, chilichonse chothandiza impso yoperekedwa kukhala nthawi yaitali chikulemeretsa mbali ya phindu. Mlongo amene wagona pa tebulo la opaleshoni n'kudzuka ndi impso imodzi wapereka chimene sichidzameranso. Impso imeneyo ikakanidwa patatha zaka zochepa, mphatso yake yapita ndipo mchimwene wabwerera ku makina. Kufunafuna njira yoti thupi liilandire ndi kulemekeza nsembe ya woperekayo. Koma opaleshoni ikamayenda bwino, ofuna impso amachuluka, ndipo maso a olemera amatembenukira kwa osauka. Mu 2008 akatswiri a m'mayiko ambiri anagwirizana ku Istanbul zothana ndi malonda a ziwalo, chifukwa malondawo analipo kale. Dziko lathu, limene lalira abale athu achialubino ophedwa chifukwa cha zikhulupiriro za ufiti, likudziwa kumene mtengo woikidwa pa thupi la munthu umathera. Tisiyanitse bwino: zauchifwamba zimenezo sizikhudzana ndi chipatala, pakuti impso yothandiza wodwala imafuna kuyezana magazi, madokotala ambiri ndi maola owerengeka. Koma muzu wa tchimo ndi umodzi, kuona munthu ngati katundu.

Pali kukakamiza kwinanso kosagwiritsa ndalama, ndipo kumeneku ndi kwa m'nyumba mwathu. Banja likakhala pansi kusankha wopereka, maso amakonda kugwera amene sangathe kukana: mkazi wa wodwala, mlongo wamasiye, mphwake amene analipiriridwa sukulu. Inde wotuluka m'kamwa mwa munthu wopanikizidwa si chilolezo chimene ma ulama ananena. Apa m'pofunika nkhoswe yaumunthu: amalume, shehe kapena agogo amene angaimirire n'kunena kuti mwana uyu ali ndi ufulu wokana, ndipo akakana asatchedwe wouma mtima. Wopereka naye akumbuke chenjezo la Surah Al-Baqarah, ndime 264, lokhudza kuononga sadaka poikumbutsa. Impso si chingwe chomangira mbale moyo wake wonse. Wolandira, mbali yake, asunge mlendo amene wapatsidwa: amwe mankhwala pa nthawi, apite kokayezedwa, apewe mankhwala azitsamba ndi ena ogula pa golosale osafunsa dokotala. Tsopano wasenza amanah ziwiri.

Njira ya ma Treg idzatenga zaka kuti ifike m'zipatala zathu. Zimene zili m'manja mwathu lero ndi zotsika mtengo: kuyezetsa kuthamanga kwa magazi ndi shuga tisanadwale, kuchepetsa mchere, kupereka ana athu osambira m'nyanja kuti alandire mankhwala a likodzo, kusazengereza kupita kuchipatala mkodzo ukaoneka magazi kapena mapazi akatupa, ndi kupereka magazi pamene a Malawi Blood Transfusion Service afika m'dera lathu. Impso yosungidwa bwino siifuna mlendo. Ndipo pa msonkhano wa banja, pa komiti ya mzikiti, pa bwalo la mfumu, pamene aliyense wanyamula mkondo ndipo akuti akuteteza, pakhale mmodzi wa fuko lomwelo wolimba mtima kunena kuti pano ayi. Ntchito yake siioneka, chifukwa chipatso chake ndi nkhondo imene sinachitike.

Allah achiritse odwala athu, alipire amene apereka gawo la matupi awo chifukwa cha chikondi, ndipo atipatse mphamvu yodziwa pomenya ndi poleka. Iye ndiye Wodziwa koposa.